Nkhukundembo Kuseri kwa Nyumba, Galu Pakhonde: Mafunso ndi Mayankho

Pakhomo pamene pali nkhukundembo sipalephera kukhala galu, chifukwa mbalame yonona chonchija sigona bwino popanda mlonda. N'chifukwa chake mafunso a ziweto ziwirizi amabwera atagwirana. Woweta amafuna kudziwa momwe angalerere mbalameyo kuti ifike pogulitsa, komanso chimene galu angadyeko ikaphedwa kapena ikafa yokha.

Kodi nkhukundembo si nkhuku yaikulu chabe? Bwanji osangoiweta ngati nkhuku?

Ambiri amayamba ndi maganizo amenewa, ndipo amathera pokwirira anapiye. Kwawo kwa mbalameyi ndi ku Mexico ndi ku North America. Anthu a ku Mexico ndiwo anayamba kuiweta, ndipo Asipanishi anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, kenako inafalikira kwina konse. Mazira ake amaswa pakatha masiku 28, pamene a nkhuku ndi masiku 21. Thadzi limayamba kuikira likakwanitsa miyezi 7 kapena 8, ndipo limafungatira mazira 10 mpaka 15. Tambala mmodzi amakwanira matadzi 8 ngakhale 10. Kusunga atambala ambiri n'kungoitana ndewu ndi kuwononga chakudya.

Dziwaninso mtundu umene mwagula. Zoyera zamakono zotchedwa Broad Breasted White zimakula msanga, zimaphedwa zili ndi masabata 14 mpaka 20, koma chidali chake chimakula kwambiri moti tambala satha kukwera thadzi. M'mafamu akuluakulu amachita kuziika umuna ndi manja. Ngati cholinga chanu n'choti khola liziswana lokha, mtundu umenewu si wanu. Zakuda ndi zamawangamawanga zimene timaziona m'midzi zimakula pang'onopang'ono, miyezi 6 kapena 7, koma zimakwerana, zimafungatira ndi kulera zokha.

Nanga n'chifukwa chiyani anapiye ake amafa chonchi?

Masabata asanu ndi atatu oyambirira ndiwo amaonetsa ngati mudzagulitsa kanthu kapena ayi. Mwanapiye wa nkhuku akangotuluka m'dzira amayamba kujompha chilichonse. Wa nkhukundembo amachedwa kuzindikira chakudya ndi madzi, ndipo amatha kufa ndi njala ali pambali pa mbale yodzaza. Ngati palibe make, mugwireni mmodzimmodzi n'kuviika mlomo wake m'madzi, kenako m'chakudya. Ena amaika timiyala towala m'mbale kuti anapiye akopeke kujompha, ena amawasakaniza ndi anapiye awiri atatu a nkhuku ongoswedwa kumene kuti aziwaonetsa njira. Timiyalato timathandizanso kuti asamire, pakuti amamira ngakhale m'madzi osafika pachala.

Chachiwiri ndi kuzizira ndi chinyontho. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 35 mpaka 38, ndipo muzichepetsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse kufikira atamera nthenga. Ngati mulibe choyezera, ayang'aneni eni ake: akaunjikana pamodzi n'kumalira, kwazizira, akathawira m'mbali atayasamula milomo, kwatentha. Wogwiritsa ntchito mbaula asiye pena potulukira mpweya, chifukwa utsi wa makala umapha anapiye mwakachetechete usiku umodzi. Ndipo thadzi musalitsekulire m'mamawa. Nkhukundembo ndi mbalame yoyenda mtunda wautali, imakoka ana ake m'udzu wa mame, pobwera ana atanyowa ndipo ena atatsala m'njira kudikira khwangwala ndi kabawi. Litsekereni ndi ana ake mpaka dzuwa litaumitsa udzu.

Amene akulinga msika wa Khirisimasi awerengere chambuyo. Mbalame ya miyezi 6 kapena 7 iyenera kuswedwa mu May kapena June. Nyengo imeneyi kulibe mvula, zomwe ndi zabwino, koma ndi nthawi ya chisanu, choncho moto ndi udzu wouma wogonapo zikhale zokonzeratu.

Ndiziwapatsa chiyani? Chakudya cha nkhuku cha m'sitolo chingathandize?

Madeya okha sangalere nkhukundembo. Anapiye ake amafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni okwana magawo 28 pa 100 alionse, pamene chakudya choyambira cha anapiye a nkhuku chimakhala ndi magawo 20 mpaka 22. Kusiyana kumeneku ndiko kumabweretsa anapiye opinimbira, a miyendo yopotoka. Mukagula chakudya cha nkhuku, chionjezereni mphamvu ndi dzira lowiritsa lonyenyanyenya, bonya kapena usipa wosinja, chiswe, ndi soya. Soyayo akhale wokazinga. Wamuwisi amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Zikakula zimadya msipu kwambiri kuposa nkhuku, ndipo bonongwe, chisoso, ziwala ndi tizilombo ta m'tchire zimachepetsa ndalama zogulira chakudya.

Koma werengani chikalata chimene chasokereredwa pathumba. M'zakudya zina za nkhuku zanyama amaikamo mankhwala oteteza ku matenda a m'matumbo, ndipo awiri mwa mankhwalawa, salinomycin ndi narasin, ndi poizoni kwa nkhukundembo: zimafooka miyendo, kugona pansi, kenako kufa. Mankhwala a gulu lomweli, kuphatikizapo monensin, amavulazanso agalu. Thumba lotere lisakhale pamene galu angalibowole.

Mdani wina ndi chuku. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 ndi nthenda imene panthawiyo inalibe dzina, anangoitcha Turkey X. Atafufuza anapeza kuti gwero lake linali chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil umene unachita chuku, ndipo umu ndi momwe dziko linadziwira poizoni wotchedwa aflatoxin. Nkhukundembo ili m'gulu la ziweto zimene poizoniyu amazipha msanga. Galu nayenso salimba naye. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Tsono taganizani chizolowezi chathu posankha mtedza ndi chimanga: chabwino chipite m'nkhokwe, chowola ndi chofumbwa chipite kwa ziweto. Pakhomo pamene pali nkhukundembo ndi galu, chowolacho malo ake ndi pamoto. Kuphika sikuchotsa poizoni wa chuku.

Ndili kale ndi nkhuku. Zingagone khola limodzi?

Anthu ambiri amatero ndipo ena zimawayendera kwa zaka, koma ndi juga. Pali nthenda yotchedwa blackhead imene kachilombo kake kamabisala m'mazira a njoka zazing'ono za m'matumbo a nkhuku. Nkhuku imatha kukhala nako osaoneka kudwala, n'kumangomwaza mazirawo m'zitosi. Mazirawo amakhala m'dothi kwa zaka, ndipo nyongolotsi za m'nthaka zimawameza n'kuwasunga. Nkhukundembo ikatola, makamaka yaing'ono, imazyolika, mapiko amagwa, ndipo zitosi zake zimakhala zachikasu chowala. Musadikire kuti mutu ude, nthawi zambiri suda n'komwe. Mukaitumbula mumapeza chiwindi chili ndi mabala ozungulira olowa m'kati. Nthendayi ikalowa imatha kupululutsa khola lonse, ndipo mankhwala amene ankaithetsa kale analetsedwa m'mayiko ambiri chifukwa amatsalira m'nyama.

Chotero chitetezo chili pa malo. Nkhukundembo zikhale ndi khola lake, mbale zake, ndipo anapiye ake asaleredwe pa dothi limene nkhuku zakhala zikupalasa kwa zaka. Nkhuku zanu muzizipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Alipo amene amaika mazira a nkhukundembo kwa nkhuku kuti iwafungatire, ndipo imaswa ndithu, koma ndiye kuti mwawapatsa anawo mayi amene angawapatsire nthendayo.

Katemera wa chitopa amagwiranso ntchito kwa nkhukundembo?

Inde, chitopa sichisiya nkhukundembo. Katemera wa I-2, amene kuno ku Malawi amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Temerani mbalame zonse za pakhomo tsiku limodzi, nyengo yotentha isanafike, osati nkhuku za kwa aneba zitayamba kale kugwa. Nthomba, imene imatulutsa zilonda pamutu wopanda nthenga uja, imafala ndi udzudzu nthawi ya mvula, ndipo nayo ili ndi katemera wake. Afunseni alangizi a ziweto a m'dera lanu.

Nkhukundembo zanga zikumagona mumtengo, zathanso ndiwo m'dimba la aneba. Ndichite chiyani?

Walira mvula walira matope. Nkhukundembo zachikuda zimauluka ndipo zimakonda kugona pamwamba. Dulani nthenga zazitali za phiko limodzi lokha, muikemo mitengo yopingasa yolimba m'khola, ndipo muzizipatsa chakudya madzulo m'kholamo kuti zizolowere kubwerera zokha. Za dimba la aneba, mankhwala ake ndi mpanda basi.

Ndamva kuti kunja ena amaweta nkhukundembo kuti zikhale chakudya cha agalu awo. Kodi n'zanzeru?

Alipodi, makamaka ku America ndi ku Ulaya, kumene ena sakhulupirira chakudya cha agalu cha m'mapaketi. Koma tiyeni tiwerengere. Galu wolemera makilogalamu 20 amadya chakudya chonyowa chokwana pafupifupi theka la kilogalamu patsiku. Tinene kuti theka la chakudyacho ndi nyama, ndiye magalamu 250. Tambala wa nkhukundembo wolemera makilogalamu 7 ali moyo, mukamusosola ndi kumutumbula amatsala makilogalamu 5 kapena kupitirirako pang'ono, kuphatikizapo mafupa. Galu mmodzi amumaliza m'masabata atatu. Pachaka ndiye kuti afuna atambala oposa 15, aliyense atadya chakudya chanu kwa miyezi 6.

Ine ndimaona kuti kwa woweta wa kuseri kwa nyumba masamu amenewa sakutuluka. Nkhukundembo imodzi yogulitsidwa mu December imagula chakudya cha galu chochuluka kuposa chimene galuyo akanapeza poidya. Gawo la galu ndi zotsala pa mbalame yathanzi imene mwapha nokha: mutu, khosi, zipalapasiro, mapapo, mtima, chiwindi ndi nthutumba ngati a pakhomo azisiya (zimene sizichitika kawirikawiri, nthutumba ili ndi eni ake). Nkhuku zokalamba zimene zasiya kuikira, atambala ochuluka m'khola, ndi mazira osweka, nazonso n'zoyenera galu.

Ndimupatse yaiwisi kapena yophika?

Yophika. Otsutsa amati galu ndi mbale wake wa nkhandwe, ndipo kutchire kulibe mphika. N'zoona kuti galu wamkulu wathanzi nthawi zambiri amadya nyama yaiwisi osadwala. Koma m'matumbo a nkhuku ndi nkhukundembo, ngakhale zooneka zathanzi, mumakhala tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter. Galu akatidya amatitulutsa m'chimbudzi chake pabwalo pomwe mwana akukwawa, ndipo lilime lomwelo amanyambita nalo dzanja la mwanayo. Amene mukumuteteza pophika si galu yekha.

Palinso chimfine cha mbalame. Mu 2023 chinachititsa kuti nkhuku mamiliyoni ziphedwe ku South Africa mpaka mazira kusowa m'masitolo, ndipo mu December 2024 ku Oregon, ku America, mphaka wa m'nyumba anafa ndi mtundu wa H5N1 atadya chakudya chogula chopangidwa ndi nyama yaiwisi ya nkhukundembo. Kuumitsa nyama m'firiji sikupha tizilomboti, moto ndiwo umapha. Nyama ifike madigiri 74 m'kati mwake, kapena tinene kuti iwire mpaka pafupa pasaoneke kufiira.

Muphike padera, m'madzi okha. Anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu, ndipo msuzi wa pa tebulo lathu sulephera kukhala ndi anyezi. Chikopa ndi mafuta a nkhukundembo musamukhuthulire zonse kamodzi. Mafuta ochuluka mwadzidzidzi amatupitsa kapamba, galu n'kuyamba kusanza ndi kupindika msana ndi ululu. Mazira nawonso awiritseni.

Nanga mafupa? Agalu a kumudzi amadya mafupa a nkhuku tsiku lililonse osafa.

Ambiri safadi, ndipo amene amafa timangoti wadya poizoni. Fupa la mbalame ndi lamphako, ndipo likaphikidwa kapena kuwotchedwa limauma n'kumang'aluka ngati nsungwi. Zidutswa zake zimatha kukakamira m'kamwa, kuima pakhosi, kubowola matumbo kapena kuumbika kumapeto kwa matumbo galu n'kumalephera kuchita chimbudzi. Mafupa a nkhukundembo ndi oopsa kuposa a nkhuku chifukwa ndi aakulu ndi olimba, komanso m'mwendo mwake muli mitsempha imene imauma n'kusanduka timafupa tosongoka mbalameyo ikamakula. Amene anadyapo mwendo wa nkhukundembo amatidziwa.

Mukawiritsa, chotsani mnofu ndi manja, mafupa mutaye kumene galu sangafike. Ngati mukufuna kuti asapite pachabe, aphikeni nthawi yaitali mpaka afewe, muwasinje mumtondo mpaka pasatsale kolasa chala, ndiye musakanize m'chakudya. Mukaona galu akukanda kukamwa, akusanza mobwerezabwereza, akudzikakamiza kuchita chimbudzi kapena chimbudzi chili ndi magazi atadya mafupa, musamukakamize kusanza, chifukwa fupa limacheka potuluka monga linachekera polowa. Thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto.

Ndikamamupatsa nyama tsiku ndi tsiku, ndiye kuti chakudya chakwana?

Ayi. Mnofu uli ndi kashiamu wochepa kwambiri. Kagalu kamene kakukula ndi nyama yokha, kapena nyama ndi nsima basi, thupi lake limayamba kuchotsa kashiamu m'mafupa, miyendo imapindika ndipo mafupa amathyoka ndi kugwa pang'ono. Mankhwala ake muli nawo kale pakhomo: zigoba za mazira zowiritsa, zouma, zosinjidwa kukhala ufa, theka la supuni ya tiyi pa theka la kilogalamu ya nyama. Tinsomba todyedwa ndi minga yomwe, monga usipa ndi matemba, timathandizanso. Titsukeni ngati tili ndi mchere. Nsima ya mgaiwa imaposa yoyera, ndipo maungu, mbatata ndi masamba ophika zimathandiza m'mimba. Chiwindi ndi chabwino koma chochepa, chisapitirire gawo limodzi pa magawo 20 a chakudya chonse, chifukwa vitamini A akachuluka amaumitsa mfundo za mafupa.

Nkhukundembo yanga ndaipeza itafa m'mawa. Kuitaya n'kuwononga. Galu sangadye?

Pa mafunso onse, ili ndilo limene ndimayankha mosanyengerera: asadye. Galu si dzala. Simukudziwa chimene chapha mbalameyo, ndipo chilichonse mwa zimene zikanaipha chili ndi njira yake yobwererera kwa inu.

Ngati ndi chitopa, galuyo mwina sadwala, koma sadyera malo amodzi. Amakoka mtembo kudutsa pabwalo, amakakwirira phiko kuseri kwa khola la aneba, ndipo mawa nkhuku za mudzi wonse zikujompha pamene iye anadyera. Ngati ndi chimfine cha mbalame, ndiye kuti galu, mphaka ndi munthu amene anasosola nthenga onse ali pangozi. Ngati mbalameyo inatola tameki kapena mankhwala a makoswe amene wina anathira, poizoniyo akadali m'chithokomiro ndi m'matumbo, ndipo kuphika sikumuchotsa. Ndipo mtembo umene wagona kunja kukutentha umatha kupanga poizoni wa botulism, yemwe uja amalefula khosi la nkhuku ikadya mphutsi za pa chinthu chowola. Galu akamudya amayamba kufooka miyendo yakumbuyo, kufookako n'kumakwera mpaka kulephera kuima.

Mbalame yofa yokha iwotchedwe, kapena ikwiriridwe m'dzenje lofika m'chiuno, kutali ndi chitsime, pamwamba n'kuikapo miyala yoti galu sangafukule. Valani pepala la pulasitiki m'manja poinyamula. Zikafa zingapo motsatizana, uzani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, musanayambe kugulitsa zotsalazo motchipa monga ambiri amachitira.

Lamulo lomweli likhudzanso mbalame yodwala imene mwaipha isanafe, ndi imene ikumwa mankhwala. Pa botolo lililonse la mankhwala a ziweto amalembapo masiku oyenera kudikira nyama isanadyedwe. Masiku amenewo ndi a galu yemwe. Yosiyana ndi mbalame imene inali yathanzi koma yathyoka mwendo kapena yagundidwa ndi njinga inu mukuona: imeneyo iphani msanga, muphike, mudye ndi galu wanu.

Akuluakulu amati galu akalawa nkhuku amayamba kugwira za m'khola. N'zoona?

Muli choonadi, koma si kukoma kwa nyama kumene kumamuphunzitsa. Chimene chimadzutsa galu ndi kuthamanga ndi kukupiza mapiko. Galu amene sanalawepo nkhuku amatha kupha anapiye khumi posewera osadya ngakhale mmodzi, pamene wina amadya makosi ophika chaka chonse n'kumagona pakati pa nkhuku. Chimene akuluakulu anaona ndi galu woponyeredwa mbalame yathunthu ya nthenga zake, kapena woimirira pambali pamene nkhuku yodulidwa mutu ikuphupha, magazi n'kumanyambita pansi. Ameneyo amalumikizadi chimene chikuyenda pabwalo ndi chimene chimalowa m'mimba. Chimodzimodzi dzira: mukamupatsa lathunthu ndi chigoba chake, mwamuonetsa chimene chili m'chisa.

Tsiku lopha mumumangirire kutali, magazi muwakwirire ndi dothi, nthenga muziwotche. Chakudya chake chizibwera chophika, chodulidwa, m'mbale yake, pa malo ake, kutali ndi khola. Kagalu kazolowereni mbalame kali kakang'ono, kali pachingwe, ndipo mukadzudzule pamene kayamba kuziyang'anitsitsa, kasanathamange. Tambala wamkulu wa nkhukundembo amatha kudziteteza, ena amathamangitsa ndi galu yemwe, koma anapiye a masabata asanu ndi atatu oyamba aja asasiyidwe ndi galu aliyense popanda waya pakati, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani.